Ndondocha Yonunkha Buledi

Chitini cha filimu chinabedwa Lamlungu madzulo, dzuwa litangobisala kuseri kwa mapiri a Umtali. Chinali chaka cha 1944, nkhondo ya azungu ili mkati.

M'nyumba ya Laison ku lokeshoni ya Sakubva munali munthu mmodzi yekha, azakhali ake a Annah, omwe miyendo inawakana kalekale moti sankachoka pakhomo. Laison anali ku holo, kumata filimu yoduka. Mkazi wake Mailesi anali kumpope, mwana wawo Edna ali kumbuyo.

Mailesi pobwera anapeza chitseko chili chotsegula. Azakhali anali pansi pa bedi, mapazi okha akuoneka.

"Azakhali, mwalowamo bwanji mmenemo ndi miyendo yanuyo?"

"Tseka chitseko, mwanawe. Inalowa muno."

"Chiyani?"

"Ndondocha. Nkhope yoyera mbuu, manja itatambasula kutsogolo, ikukoka mwendo. Munthu wakufa ndimamudziwa ine. Yangotenga chitini cha Laison n'kutuluka."

Mailesi anatula ndowa. Njinga inalipo. Bulangete latsopano linalipo. Pansi panali tinthu toyera, kuyambira pakhomo mpaka pakona pomwe pankakhala chitinicho. Anagwada, kunyowetsa chala n'kudinda. Tinamata kuchala. Analawa.

"Fulawa uyu," anatero. "Ndondocha yanu ndi yolemera, azakhali. Ife fulawa tinamuona komaliza pa Khirisimasi."

Ntchito ya Laison inali yoonetsa bayisikopo mu holo ya lokeshoni Loweruka lililonse. Mafilimu ankabwera pa sitima, ambiri a akauboyi. Koma iyi inabwera ilibe ndi dzina lomwe, chiyambi chake chitatha kudukaduka, ndiye anthu anangoitcha ya Ndondocha. Inali ya dokotala woipa wodzutsa akufa kuti azimugwirira ntchito, ndipo opanga ake zikuoneka kuti ndalama analibe. Manda ankagwedera munthu akadutsa pafupi, chifukwa anali a makatoni. Mwezi unkalendewera pa chingwe, chingwecho chikuonekeratu. Ndondocha ina inavala wotchi. Ina inkafa koyambirira, n'kupezekanso pakati ikuyenda ndi anzake, n'kudzafanso kumapeto. Yachitatu pamzere, yayitali, yovala nsapato za tenesi, inkayetsemula dokotala ali mkati molankhula, ndipo palibe anavutika kuchotsapo. Chingerezi chake sichinkamveka poti chimkuzamawu chinali ndi chimfine chosatha, choncho anthu ankadziikira okha mawu, ena m'Chinyanja, ena m'Chishona.

Chimene Sakubva inachikonda koposa chinali chiwaya. M'filimumo munali khukhi wonenepa, wamantha, amene anatulukira kuti akamenya chiwaya ndi sipuni ndondocha zimauma pomwe zili mpaka kulirako kuleke. Holo yonse inatengera. Chiwaya chikalira aliyense ankauma, wina mtedza uli panjira yopita kukamwa, wina dzanja lili m'khwapa akudzikanda. Wosuntha ankagendedwa ndi makoko. Nkhondo inachedwetsa mafilimu atsopano, ya Ndondocha inabwerezedwa Loweruka ndi Loweruka, ndipo palibe anadandaula.

Mailesi ankagulitsa mtedza wokazinga pakhomo pa holo. Iye sankauma nawo. Ankati, "Ndikauma ine, chenje akupatsani ndani?" Filimuyo ankaiti ndi yopusa, koma ikafika poyetsemula paja ankasuzumira n'kuseka mpaka Edna kudzuka.

Lolemba m'mawa mzungu woyang'anira lokeshoni anaitana Laison. Sanachulutse mawu. Filimu iyenera kukwera sitima ya Lachisanu kupita ku Gwelo, monga zinalengezedwa kale mu holo. Ikapanda kupezeka, ntchito yatha. Nyumba imene ankakhalamo inali ya ntchitoyo, ndiye ntchito ikatha, makiyi abweze.

Masana kunabwera wapolisi wa m'lokeshoni, Konisitebo Abisai, Mmanyika wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chishona. Anakhala pampando, chipewa pabondo.

"Saka, baba vaEdna, ndikauze akuluakulu kuti wakuba ndi munthu wakufa?"

"Ndi zomwe aona azakhali."

"Kapena mwagulitsa nokha?"

"Agulitse kwa ndani, bambo?" Mailesi analowererapo. "Makina oonetsera mu Sakubva muno ndi amodzi, ndipo makiyi ake ali m'thumba mwawomu."

Abisai anakanda mutu. Nayenso sankaphonya Loweruka. "Ndiye munthu wopanda makina, filimu achita nayo chiyani, mai vaEdna?"

Funso limenelo Mailesi anagona nalo, n'kudzuka nalo. Kumudzi ku Ntcheu anachokako ali mwana, ndipo atati athamangitsidwe m'nyumbamo analibe koloza. Anaganiza akuchapa matewera, anaganiza akukazinga mtedza. Lachiwiri madzulo anamukhazika pansi mwamuna wake.

"Bambo a Edna, munthu wasiya njinga, wasiya bulangete, watenga chinthu chosadyeka, chosagulitsika. Ameneyu waba chifukwa chokonda."

"Okonda filimuyo ndi Sakubva yonse."

"Zitini zake ndi zingati?"

"Ziwiri. Chinacho chinali ndi ine ku holo."

"Ndiye ali ndi theka. Inu munthu atakupatsani theka la nkhani, mungagone?"

Lachitatu m'mawa Mailesi anapita kumpope nthawi imene ankadziwa kuti akapeza Loice, mkazi amene nkhani sinkagona m'mimba mwake. Anamudandaulira mosakweza mawu. Wakuba uja ndi wopusa, watenga chitini choyamba, chachiwiri chokhala ndi mathero chili m'nyumba. Lachisanu chikukwera sitima. Ndipo mawa madzulo iye ndi Laison ali ku kwaya, azakhali atsalanso okha. "Usauze munthu, mnzanga," anatero. Pofika masana nkhani inali itafika mpaka ku mashedi a njanji.

Lachinayi dzuwa likupendeka, Laison ndi Mailesi anatuluka ndi mabuku a nyimbo, kupereka moni kwa aliyense panjira. Pafupi ndi tchalitchi Mailesi anapereka mwana kwa bambo ake n'kubwerera chakuseri kwa nyumba za anthu. Anakabisala m'kakhitchini ka malata kapanja komwe ankakazingira mtedza. Abisai anali atalowa kale m'nyumba, ataima kuseri kwa nsalu yotchinga bedi. Azakhali anakhala pabedipo, Baibulo pamiyendo, akung'ung'udza kuti awasandutsa nyambo.

Kutayamba kuchita chizirezire, inabwera.

Mailesi anaiona pa kabowo ka lata. Inali yayitali, nkhope ndi manja zoyera, jekete lakale lovala chotembenuza. Inkakoka mwendo wakumanzere ndendende ngati za pa nsalu ya mu holo, mutu utapendekera paphewa. Ngakhale iye amene analawa fulawa uja anamva tsitsi likuima. Inakankha chitseko n'kulowa.

Pangano linali loti Abisai aigwire ikangokhudza chitini. Koma Abisai ataona nkhope yoyera ija mumdima, anachedwa. Pomwe ankalumpha anadzikulunga m'nsalu, chingwe chake n'kuduka, iye n'kugwera pa njinga. Ndondocha inaiwala za mwendo wokoka. Inatuluka ngati mphepo, chitini m'khwapa, kulunjika ku minda ya chimanga ya kumtsinje. Ikanalowa mmenemo, basi, zitini zonse ziwiri zapita ndi nyumba yomwe.

Kuthamanga Mailesi sakanaipeza. Dzanja lake linagwera pa chiwaya cha mtedza. Anatola sipuni n'kumenya.

Ngwee.

Ndondocha inauma, mwendo umodzi uli m'mwamba.

Pakhomo Abisai, yemwe anali atangodzimasula, naye anauma, nsalu ili paphewa, chibonga m'mwamba. Kutsidya kwa njira amayi awiri obwera kumpope anauma ndi ndowa pamutu, madzi akuwatayikira m'khosi. Mailesi sanaleke. Anapitiriza kumenya, ngwee, ngwee, akuyenda pang'onopang'ono ngati wofuna kugwira nkhuku. Maso a ndondocha ankazungulira, akuona bwinobwino kuti zinthu zaipa, koma thupi linali litazolowera za Loweruka.

Munthu mmodzi yekha m'dera lonselo sanaonepo filimuyo. Azakhali a Annah anatuluka ndi ndodo yawo yokhota, akudzikoka, n'kufika kumbuyo kwa chinthucho. Ananunkhiza.

"Ndondocha yanji yonunkha buledi?"

Anakola mwendo wotsala uja ndi ndodo n'kukoka. Inagwa chagada, fulawa n'kuchita fumbi. Inayetsemula kawiri. Mailesi anatola chitini kaye, kuchipukuta ndi chitenje, kenako n'kuyang'ana nkhope.

"A Makaiko. Ndinu?"

Anali Makaiko, wonyamula matumba ku bekale ya m'tauni, munthu wofatsa wa ku Dedza. Mu holo ankakhala benchi yakutsogolo ndipo pa masewera a chiwaya sanagendedwepo ndi khoko ngakhale limodzi.

"Ndine, mayi a Edna. Pepani."

"Bambo apolisi, mukhoza kusuntha tsopano," Mailesi anatero. "Chiwaya chaleka."

Abisai anatsitsa chibonga, kukhosomola, n'kubwera ndi unyolo. "Ndimafuna ndione kaye kuti athawira kuti," anatero.

"Taona."

Makaiko anawatsogolera yekha ku chipinda chake ku nyumba za mbeta zachimuna. Chitini choyamba chinali pansi pa pilo, chokulungidwa m'thumba loyera lochapa bwino. Filimu inali yokulunga mwaudongo kuposa mmene Laison ankachitira.

"Wopanda makina, umaiona bwanji?" Abisai anafunsa.

"Pa windo, m'mawa dzuwa likamatuluka. Ndimatambasula pang'onopang'ono, kachithunzi kamodzikamodzi."

"Ukufunamo chiyani?"

Makaiko anayang'ana pansi. "Yachitatu ija. Ya nsapato za tenesi."

"Yoyetsemula?"

"Ndi mkulu wanga Fanuel." Anaona nkhope zawo n'kupukusa mutu. "Ndikudziwa kuti si iyeyo, sindine wamisala. Fanuel anapita ku migodi ya ku Joni ine ndili wamng'ono. Kalata sinabwere, mtembo sunabwere. Chithunzi chake tilibe. Koma mapewa aja, ndi kuyetsemula kuja kogwedeza thupi lonse. Amayi ankati adzagwetsa denga." Anapukuta fulawa m'maso. "M'chitini ichi akuoneka patali, ngati nyerere. Pafupi ali m'chinacho. Nditamva kuti akupita ku Gwelo ndinati ayi, anandichokera kale kamodzi."

"Ndiye mukanandichotsa m'nyumba ine ndi mwana," Mailesi anatero.

"Sindinaganize zimenezo, mayi."

"Amuna simuganiza. Ndi fulawa wa matumba a eni mwaononga uja, akanakwana mandasi a mzere wonse."

Abisai anamutengera Makaiko ku polisi.

Lachisanu m'mamawa, sitima isanafike, Mailesi anapita ndi Laison ku holo atatenga lumo lake losokera.

"Ndipezereni poyetsemula paja."

"Mayi a Edna, takhala pang'ono kutaya nyumba chifukwa cha filimu yomweyi."

"Yadukapo kangati chibwerere?"

"Sindingawerenge."

"Mukamata, mumataya tizithunzi tingati?"

"Tiwiri, titatu."

"Ndiye lero yadukanso. Pezani."

Laison anatambasula filimu pa kuwala kwa chitseko mpaka anapeza. Nkhope yayitali yopakidwa zoyera, maso atatsinzina, pakamwa patayamba kutseguka. Mailesi anadulapo kachithunzi kamodzi kokha n'kukasunga. Laison anamata, kukulunga, n'kupereka zitini zonse ziwiri kwa mzungu uja. Mzungu anawerenga, ziwiri, n'kumuuza kuti abwerere ku ntchito.

Mlandu unalowa sabata yotsatira. Abisai anapereka umboni wake mwaulemu, koma za nsalu ndi njinga sanazitchule. Woweruza anafunsa kawiri kuti chiwaya chikulowa pati pa nkhaniyi, womasulira anayesetsa, ndipo pamapeto pake woweruzayo anangosiya. Kulowa m'nyumba ya eni ndi kuba: miyezi iwiri ya ntchito ya kalavulagaga.

Abisai potuluka ndi Makaiko, Mailesi anali panja, Edna kumbuyo. Anapereka kwa Abisai kaphukusi ka pepala.

"Mtedza wa mkaidi, bambo."

Abisai anatsegula monga mwa lamulo. Pakati pa mtedza panali kanthu kakuda, kochepa ngati chikhadabo. Anakakweza kudzuwa, kutsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mtedza," anatero, n'kupereka phukusilo.

Makaiko anakatenga ndi manja ake omangidwa, onse awiri pamodzi, n'kukakweza kumwamba. Anaima pomwepo pakati pa bwalo la khoti, mutu chagada, osaphethira. Palibe chiwaya chinalira. Galimoto ya akaidi inali ikudikira, dalaivala analiza hutala, koma Abisai anangoika manja kumbuyo n'kumayang'ana mapiri.

Mailesi anakonza mwana kumbuyo n'kuuyamba ulendo wa ku Sakubva. Kunali kutatsala mtedza wosakazinga, ndipo Loweruka kunkabwera akauboyi.