Chamba Chopanda Mano

Mtembo wa a Yakobe Mhone unapezeka Lachiwiri pa 20 Meyi 1986, nthawi ili 6:40 m'mawa, m'munda wa chinangwa pamtunda wa kuseri kwa Mwaya, kufupi ndi doko la panyanja. Unagona chafufumimba, bala la khasu lili pankhongo. Mwera unali kuwomba mwamphamvu moti Insipekitala Mackford Kumbuyo anachita kugwirira chipewa.

Mackford kwawo kunali ku Dedza, ndipo zaka 23 za upolisi zinamuphunzitsa kuyamba wayang'ana pansi asanayang'ane anthu. Pakati pa chinangwacho panali chamba, mizere yowongoka bwino, chomera chilichonse ndi kachikwangwani ka nambala. Zomera zisanu ndi ziwiri zowondawonda zinali zitazulidwa n'kutayidwa pafupi ndi mtembo. Zinazo, zonenepa ndi zolemera mitu, palibe anazikhudza. M'thumba la malaya a malemu munali bokosi la machesi lodzaza njere. Mackford analiika m'thumba mwake kuti akalilembe ku ofesi.

"Nkhani yatha kale iyi, bwana," anatero Sajeni Wilson Chirwa, mwana wa konkuno. "Achamba aphana okhaokha. Koma mdala ameneyu! Mkulu wa mpingo, wothandiza dokotala mpaka kupuma ntchito, kuseriku akulima fodya wamkulu?"

"Wakuba wake wotani wosiya mitu n'kuzula zowonda?" anafunsa Mackford. Wilson anangokanda m'mutu.

Amene anapeza mtembo anali Loyce, mwana yekhayo wa malemu, wa zaka 26. Mackford anamufunsa mafunso pakhonde. Mkono wake wamanja unali ndi chipsera cha moto kuyambira pachigongono mpaka m'zala.

"Ndimagwa khunyu, bwana," anatero mopanda manyazi. "Kale ndinkagwa katatu, kanayi pa sabata. Anthu sankadya nane mbale imodzi. Ada, bambo angawo, ankaphika mitu ya zomera zija m'mafuta a mtedza, ndimamwa supuni m'mawa, supuni madzulo. Chaka chathachi ndagwa kawiri kokha."

"Simuledzera nazo?"

"Sindinaledzerepo. Ndimagulitsa usipa kumsika, chenji sindiphonya."

"Mafutawo atsala ochuluka bwanji?"

Anatulutsa botolo la sobo, mafuta ake osafika n'komwe pakati. "Ili lokha. Mukawotcha munda uja, bwana, likadzatha ndidzabwerera pamoto paja."

Mackford lamulo ankalidziwa: chamba n'chamba, chimawotchedwa. Anathira mafuta pang'ono m'kabotolo, anathyola mitu iwiri, zonsezo n'kutumiza pabasi kwa wopima zinthu wa boma ku Blantyre.

Anthu anatchula dzina limodzi: Gresham, wonyamula katundu padoko, msuti wodziwika tauni yonse, yemwe ankaoneka kumundako kawirikawiri. Pomafika 2 koloko masana anali m'chipinda chofunsira mafunso.

"Unkakatani kwa a Mhone?"

"Ntchito, bwana."

"Ntchito yanji?"

"Yolawa."

Wilson anamenya tebulo. "Iwe, usasewere ndi boma!"

"Zoona, Sajeni! Chaka chilichonse ankandisutitsa nambala iliyonse payokha. Ndikati, 'Ada, ichi ndiye chamba, mitengo ikuyenda,' ankazula pomwepo n'kutentha. Mtima wanga unkachita kuwawa! Ndikati, 'Ichi n'chachabechabe, chopanda mano, bola ndisute masamba a mbatata,' mdala ankasekerera n'kusunga mbewu yake. Zaka khumi ndi chimodzi, bwana. Masiku ano munda wonse uja mungasute mpaka mawa, mungoyasamula basi. Ndingaphe munthu chifukwa cha zimenezo ine?"

Kapitawo wa padoko anatsimikiza kuti Gresham anali kutsitsa matumba mu sitima ya Ilala kuyambira mbandakucha mpaka 8 koloko. Anamumasula, Wilson akung'ung'udza.

Patapita masiku asanu ndi anayi foni inalira. Anali Mayi Dorothy Matewere, wopima zinthu uja.

"Insipekitala, chimenechi mwachitenga kuti? Ndapima katatu, ndimayesa ndalakwitsa."

"N'chamba kapena ayi?"

"N'chamba. Koma tamverani. M'chomera chimenechi muli mankhwala ambirimbiri, akuluakulu ndi awiri, ana a mimba imodzi koma osiyana mtima. Wina ndi THC, ndiye woledzeretsa, wothamangitsa mtima, wopatsa ena mantha ndi kuona zinthu kulibe. Mnzakeyo ndi kanabidiyolo. Saledzeretsa, amakhala ngati amaziziritsa ubongo. Chamba chomwe apolisi mumanditumizira chimadzaza woyambayo. Ichi n'chotembenuza: THC wangotsala kafungo chabe, kanabidiyolo ndiye tho."

"Kodi angachize khunyu?"

"Kuchiza sindinganene. Madokotala akunja angoyamba kumene kuyesa pa odwala ochepa, ndipo sanagwirizane. Koma amene wapanga mbewu iyi ali ndi makina otani?"

Mackford anayang'ana pawindo, kudoko. "Anali ndi Gresham," anatero.

Anaika foni pansi. Iye anaonapo mitembo yosawerengeka osagwedezeka, koma izi zinamugwira mtima. Bambo mmodzi, wopanda buku la zimenezi, wosadziwa n'komwe maina a mankhwalawo, anawalekanitsa ndi khasu, maso, ndi chifuwa cha msuti wa padoko, chaka ndi chaka, kuti mwana wake asagwerenso pamoto. Ha! Anthu ena Mulungu amawapatsadi.

Tsiku lomwelo nthawi ya 3:15 anabwerera kumunda ndi Wilson, n'kuitana Loyce. Anamuonetsa zomera zozulidwa zija.

"Izi n'zazimuna," anatero Loyce. "Sizibala mitu, zimangotulutsa ufa wachikasu. Alimi ena amazizula zikadali zazing'ono. Ada ankasunga zabwino kuti zibereketse zazikazi, mbewu isathe."

Mwera unawombanso, chipewa cha Mackford n'kuuluka kulowera kumpoto. Sanachithamangire. Anakumbuka kwawo ku Dedza, chaka chimene neba anadzala chimanga chachikasu, ndipo zisononkho za mayi ake zinatuluka mawangamawanga. Mayi akewo sanalankhulane ndi nebayo zaka ziwiri.

"Sajeni, wakupha uja si wakuba. Ndi mlimi. Tiyeni titsate chipewa changa."

Anatsetsereka kakhwawa, anakwera kamtunda, mphepo ikuwakankha kumsana. Atayenda mapazi ngati mazana anayi anapeza munda wina wa chamba wobisika m'nthochi. Mackford anafikisa mutu umodzi m'manja: njere zokhazokha. M'kachisakasa munali khasu la mpini watsopano, ndipo mpini wakale, wothimbirira magazi, anaupeza utakwiriridwa paphulusa. Mwini munda Wilson ankamudziwa: Patson Kamanga, amene kumsika ankadziwika ngati wogulitsa nthochi.

Nthawi ya 5 koloko Patson anali pampando womwe anakhalapo Gresham. Poyamba anakana, akuti mpiniwo anaphera njoka.

"Njoka yotuluka magazi mpaka kumpini?" anatero Mackford mofatsa. "A Kamanga, chamba chanu chinayamba liti kufooka?"

Patson anadzidzimuka. Anayang'ana Wilson, anayang'ana khomo, kenako mapewa anagwa.

"Zaka zitatu zapitazo," anatero. "Changa chinali chodziwika, bwana, anthu ankachokera kutali. Kenako mitu inayamba kudzaza njere. Ndikadzala njerezo, chotuluka n'chozizira ngati madzi. Ogula anandiseka, amvekere ndikugulitsa ndiwo. Ndinafufuza mpaka ndinadziwa kuti ndi ufa wa zazimuna za mdala uja, ukubwera ndi mwera. Ndinamupempha kawiri kuti azule. Anati, 'Patson, zimenezi ndi moyo wa mwana wanga.' Ine ndinayesa akunama. Chamba chosaledzeretsa chingakhale moyo wa munthu?"

"Ndiye Lachiwiri lija?"

"Ndinapita kutangocha kuti ndizule ndekha. Nditazula zisanu ndi ziwiri anandipeza. Sanandimenye ayi. Anagwada n'kukumbatira chomera, akuti, 'Ichi chokha siya.' Ndinamukoka, osasiya. Khasu linali m'manja."

Mackford anakwiya kwambiri, koma analankhula pang'onopang'ono.

"Sankanama. Katswiri wa boma wapima katatu, mpaka pano akudabwabe. M'dziko muno munali munthu mmodzi wodziwa zimene ankadziwa mkulu uja, ndipo inu mwamupha chifukwa cha fumbi lobwera ndi mphepo."

Patson anaphimba nkhope n'kuyamba kulira. Wilson anamumanga unyolo.

Loweruka m'mawa apolisi anazula minda yonse iwiri monga mwa lamulo. Pamoto wa kwa Patson anyamata a polisi anayamba kuseka zopanda pake, mmodzi mpaka kuchitira sawatcha nthochi. Pamoto wa kwa a Mhone anangotsokomola. Loyce anaima pakhonde osalira, atakumbatira botolo lake, akuyang'ana zaka khumi ndi chimodzi za bambo ake zikusanduka utsi.

Mackford anapita kukatsanzika. M'buku la umboni munalembedwa khasu, mpini, zikwangwani ndi zomera. Chinthu chimodzi sanachilembe, ndipo ankadziwa kuti zitamveka, ntchito ithera pomwepo, mwinanso n'kukagona nawo a Patson kundende. Anakhala pang'ono pamkeka, anapepesa maliro, n'kunyamuka.

Atafika pampanda, Loyce anamuitana. "Bwana! Mwaiwala machesi anu."

Loyce analigwedeza bokosilo, ndipo kulira kwake sikunali kwa machesi, kunali kwa njere. Wilson mwadzidzidzi anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

"Ine sindisuta, mayi," anatero Mackford osatembenuka. "Ndi a bambo anu amenewo."