Kunsi kwa Mbale

Anakumana pokwerera basi. Mtsikanayo anali atafukata keke ya kasitomala ngati khanda, mnyamata wina wamtali ali pambali pake, mphuno ili m'mwamba.

"Achemwali, chikununkhirachi ndi keke kapena ndinu?"

Mtsikanayo anaseka. Kusekako ndiye kunamupweteketsa!

Mwezi usanathe, Wamtaliyo anali atazolowera kampando ka kukhitchini kwa mtsikanayo. Ankamuonerera akuyala shuga wosungunula ndi chinanazi pansi pa chitini, n'kuthira pamwamba ufa wosakaniza ndi mazira.

"Bwanji zokongolazo ukuzibisa pansi?"

"Dikira. Ikapsa ndimaitembenuza isanazizire. Zapansi zimabwera pamwamba."

"Chinanazi changa, inenso wanditembenuza mtima. Chaka chino sichitha ulibe mphete pachala."

Anakhulupirira. Akanatani? Lachisanu lililonse uthenga unkalowa: "Wokondedwa, amayi akufunanso keke ya mpongozi wawo." Mpongozi! Mawu amenewa ankamuiwalitsa kutopa. Ankasankha chinanazi chotsekemera kwambiri, kekeyo n'kuikhazika pa mbale yake yamaluwa, Loweruka Wamtaliyo n'kudzaitenga.

Lachisanu lina, keke itangotuluka mu uvuni, kunamveka odi. Anali mayi woyembekezera, waulemu wake, atanyamula mbale yamaluwa ija.

"Ndine ndinakuimbirani m'mawa kufunsa njira," anatero mayiyo. "Ndimatsuka mbaleyi, nditaitembenuza ndinaona nambala yanu kunsi."

Nambalayo mtsikanayo anailemba yekha kalekale ndi penti wa zikhadabo, kuopa kuti mbale zake zingasowe.

"Amuna anga amandibweretsera keke yanu Loweruka lililonse, poti mimbayi imangofuna chinanazi. Koma kogula amandibisira! Ndiye ndikufuna yaikulu, ndiwadzidzimutse. Mwezi wamawa tikukwanitsa zaka zisanu m'banja."

Mtsikanayo anayang'ana mbale ija, n'kufunsa:

"Amuna anuwo ndi aatali?"

"Ngati mlongoti! Mukuwadziwa?"

"Ndi kasitomala chabe, mayi."

Mayiyo atapita, anakhala pakampando kaja n'kulira mpaka mutu unawawa. Chinamupweteka kwambiri chinali chakuti mayiyo anali munthu wabwino. Akanamudera chiyani?

Pomwe ankakumbukira keke ija, inali itazizira, shuga atauma gwa. Anaitembenuza, anagogoda chitini, koma inatuluka zibenthuzibenthu, chinanazi chonse chitakakamira pansi.

Foni inalira: "Chinanazi changa, yapsa? Amayi akudikira mawa."

Anapukuta misozi ndi kunja kwa dzanja, n'kulemba: "Amayi akowo anabwera okha lero. Mimba yakula ndithu."