Ng'ombe za a Blasius ndi Balansi ya Hilary

Pakhomo pa alamu anga a Blasius Sitima, kwa Nsamala, panali pakhomo pabwino. Sindikukometsera ayi. Ankapemphera asanadye, ankapereka msonkho nthawi yake, ndipo anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira ndi pulawo zomwe anagula ndi thonje la zaka zisanu ndi chimodzi. Mlongo wanga Martina anawaberekera ana anayi, koma wamwamuna anali mmodzi yekha, Hilary, amene anamaliza Sitandade 6 ku mishoni.

Nkhani ya mwana ameneyu ndaifotokoza kambirimbiri, ndipo ndatopa nayo. Koma aphunzitsi anu andipempha, ndiye khalani chete mumve.

M'chaka cha 1953 bungwe lathu la alimi a thonje pa Balaka linkafuna kalaliki, chifukwa ine amene ndinkagwira mabuku maso anali atayamba kuchita chifunga. Ndinatchula mwana wa mlongo wanga. Lamulo linali lakuti kalaliki akhale ndi womuikira chikole, popeza alimi ankasungitsa ndalama zawo ku bungweko. A Blasius anadinda chala papepala, chikole chake ng'ombe zija ndi pulawo.

"Iwe Hilary," anatero tili panjira yobwerera, "ndaika ng'ombe zanga m'bokosi la ndalama lija."

"Bambo, ine ndingabe?"

"Sindinati ukaba. Ndangokuuza kumene kuli ng'ombe."

Ntchito ndinamuphunzitsa ndine. Ndinamuuza kuti dzuwa likapendeka, tenga ndalama zomwe unayamba nazo m'mawa, wonjezera zolowa, chotsera zotuluka. Zotsalazo ndiye balansi, ulemba pansi pa tsamba. Mawa lake balansi yomweyo ikwera pamwamba pa tsamba latsopano, ndiyo uyambira. Koma usanatseke buku, tsegula bokosi, khuthula zonse patebulo, uwerenge mpaka kobiri lomaliza. Za m'buku ndi za m'bokosi zifanane.

"Atsibweni, masamu akakhala olondola, kuwerenganso n'kwa chiyani?"

"Buku limanena ndalama zomwe ziyenera kukhalapo. Bokosi limanena zomwe zilipo. Ukamvera mmodzi yekha, wagwa nayo."

Miyezi itatu mwanayo anagwira bwino, ndisaname. Zala zinkada ndi makobiri, koma balansi inkafanana tsiku ndi tsiku.

Kenako kunabwera Kenneth, mnzake wa kusukulu amene ankagwira ntchito ya njanji ku Nkaya. Ankatsika sitima Loweruka, tsitsi lopaka mafuta, ndudu pakamwa, ntchito yake kuseka anthu. Anamupeza Hilary ataunjika makobiri patebulo.

"Achimwene, Sitandade 6 yonse ija n'kumawerenga makobiri ngati wogulitsa mandasi? Kodi mutu wanu simuukhulupirira?"

"Ndi lamulo."

"Lamulo la nkhalamba zosaona. Lembani nambalayo tizipita, kwa mayi Dailesi atcheza kachasu lero."

Tsiku limenelo Hilary analemba balansi ya m'mutu, bokosi osalitsegula. Lolemba anawerenga, n'kupeza zonse zili bwino. Basi, pamenepo ndi pamene anathera. Anati kani kuwerenga kuja kunali kungodzitopetsa. Anayamba kuwerenga kamodzi pa mlungu, kenako kamodzi pamwezi, kenako anasiyiratu.

Kachasu salipiridwa ndi masamu. Loweruka lina m'thumba mwa Hilary munalibe kanthu, ndipo Kenneth anangoloza bokosi ndi chibwano.

"Masheleni asanu okha. Mukalandira malipiro mubwezera. Buku lidziwa bwanji? Lili ndi maso?"

Buku silinadziwedi. Balansi inatsika pansi pa tsamba ili yokongola, m'mawa inakwera pamwamba pa tsamba lina, itanyamula bodza la masheleni asanu. Malipiro atabwera, Hilary anati adzabweza mwezi wa mawa. Masheleni asanu anakhala paundi. Ku Nkaya kunali njuga, paundi inakhala mapaundi anayi. Ndipo iye akayang'ana m'buku mtima unkakhala pansi, chifukwa nambala inali yonona. Ankachita kuikhulupirira, mwana wopusa ameneyu. Bokosi ankangotsegula pang'ono, kupisamo dzanja, maso atayang'ana kumbali.

Mayi ake ananunkhiza msanga.

"Hilary, malaya ako akununkha kwa Dailesi. Malipiro ako ndi ochepa, mowa wa mlungu ndi mlungu akukugulira ndani?"

"Anzanga, amayi."

"Anzako olemera chotero bwanji sabwera kudzatilonjera? Mwananga, bambo ako akalamba. Khasu sangalithenso."

Anangoseka n'kutuluka. Martina anabwera kwa ine akulira, nati, "Achimwene, kamuoneni mwana uja." Ndinapita. Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Ndinayandikitsa buku kumaso, ndinawonkhetsa masamba khumi, zonse zinali zolondola, zilembo zake zoongoka ngati mizere ya m'munda. Ndinafunsa kuti, "Bokosi ukuwerenga?" Iye anati, "Tsiku lililonse, atsibweni." Kunkatentha, mwendo unkandiwawa, makobiri anali ambiri. Ndinabwerera bokosi osalitsegula, n'kukamuuza mlongo wanga kuti aleke kudandaula. Ine ndemwe, amene ndinamuphunzitsa lamulolo.

Mu Okutobala wa chaka chotsatira, alimi ali pafupi kutapa ndalama zawo za msonkho ndi za fizi, kunafika woyendera mabungwe, a Usumani, munthu wosalankhulalankhula. Buku analiona pang'ono chabe.

"Balansi ikuti mapaundi 61. Khuthulani bokosi, akalaliki."

Hilary anakhuthula. A Usumani anawerenga okha, kawiri. Munali mapaundi 34.

"Mapaundi 27 ali kuti?"

"Mwina sikufika pamenepo, bwana. Ine ndimayesa ndi khumi okha."

Sankanama iyayi. Sankadziwa ngakhale kuchuluka kwa zomwe anaba. Tinatuma uthenga ku Nkaya, koma Kenneth anati Hilary amangomudziwa pankhope.

A Blasius atamva sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. M'mawa mwake anamasula ng'ombe zawo m'khola, napempha ine kuti ndiwathandize kukweza pulawo pangolo yobwereka. Ng'ombezo anazikusa okha mpaka pa Balaka kukagulitsa, mvula yoyamba ili pafupi, minda ikudikira. Wogula anali mmodzi, ndipo ankadziwa kuti tapanikizika. Sitinanenerere.

Alimi anali atasonkhana pakhonde la bungwe, wapolisi ataima pambali. A Blasius anamasula kansalu, nathira ndalamazo patebulo pamaso pa mwana wawo.

"Werenga."

"Bambo, ndikhululukireni."

"Ndati werenga. Mokweza, eni ndalama amve."

Hilary anawerenga, misozi ikugwera pamasheleni. Aka kanali koyamba kuwerenga ndalama patebulo limenelo pa miyezi isanu ndi umodzi. Anafika pa mapaundi 23 ndi masheleni khumi, n'kuima. Anafufuza m'kansalu, anayang'ana pansi pa tebulo. Kunalibe china.

"Zakwana?" anafunsa bambo ake.

"Iyayi, bambo. Zaperewera mapaundi atatu ndi masheleni khumi."

"Ndiye ine ndathera pompo. Ndilibenso china choti ndikugulire."

Anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo, chingwe cha ng'ombe chili m'manja. Hilary anamangidwa chaka ndi theka ku Zomba. Chaka chimenecho a Blasius analima ndi khasu kachigawo kakang'ono ka munda wawo, ana aakazi awiri anasiya sukulu, ndipo chifuwa chinawatenga mu Juni. Pamene Hilary ankatuluka, anapeza manda atamera kale udzu. Analapa, inde, anakagwada kwa ansembe, mowa sanaulawenso. Koma ukalaliki sanaupezenso kulikonse, ndipo mayi ake anamwalira asanamuitanenso ndi dzina lake, ankangoti "iwe".

Ndiye ana inu, ndatopa, ndingonena mosapsatira. Kuba kwa Hilary kunayamba ndi ulesi wa madzulo amodzi, ndipo kunakula chifukwa nane ndinachita ulesi masana amodzi. Mukadzapatsidwa ndalama za anthu, musadzalembe balansi musanawerenge zomwe zili m'manja. Musadzabwereke ngakhale kobiri poganiza kuti buku silikuonani, pakuti Mulungu akuona, ndipo tsiku lokhuthula bokosi limafika. Likafika, wolipira woyamba sakhala wakubayo. Amakhala amene anamukhulupirira.