Matope pa Dzina la Bambo

Kunali kamtsikana kena. Anthu ankakatchula kuti Kamphepo. Kuyenda sankakudziwa, ankangothamanga.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bambo ake asiye kutsokomola.

Bambo ake anali telala. Kale anali msilikali. Tsopano ankasoka malaya pakhonde. Ankasoka, n'kutsokomola. Ankasoka, n'kutsokomola.

Tsiku lina Kamphepo ankachokera kusukulu. Pabwalo la pakati pa tauni anaona mwala waukulu wakuda. Mmisiri ankasema mayina pamwalapo. Go! Go! Go!

Kamphepo anamudziwa mmisiriyo. Ndi amene anasema dzina la agogo pachiliza, kumanda.

Kamphepo anali atangophunzira kuwerenga. Anawerenga dzina loyamba. Anawerenga lachiwiri. Kenako anaima chilili. Dzina la bambo ake linali pomwepo.

Anachita mantha kwambiri. Agogo anatsokomola, kenako dzina lawo linalembedwa pamwala. Ndipo agogo sanabwerenso.

Anathamangira kunyumba liwiro la mtondo wadooka. Anapeza bambo akusoka. Anapeza bambo akutsokomola.

M'mawa mwake anatenga chofufutira cha kusukulu. Anafufuta, anafufuta. Chofufutira chinatha. Dzina silinachoke.

Tsiku lotsatira anatenga sopo wa amayi. Anatsuka, anatsuka. Sopo anatha. Dzina linawala kuposa kale!

Ndiye anakatapa matope mu ngalande. Anamata dzina lonse, bwinobwino. Tsopano palibe akanaliwerenga. Kamphepo anapita kwawo mtima uli m'malo.

Loweruka bambo anavala jekete la mamendulo. Amayi anavala diresi latsopano. Onse anapita pabwalo paja.

Panali anthu ambiri. Panali maluwa. Lipenga linalira. Asilikali akale anafola, ena ndi ndodo zawo. Aliyense anapita kukaloza dzina lake.

Bambo anayang'ana m'mwamba. Anayang'ana m'munsi. Anapeza matope.

Mmisiri anakanda pamutu. Anati ntchito yake anaimaliza bwino. Anati mwina ndi ana osamva a m'tauni muno.

Bambo anaweramira pafupi. Pamatopepo panali tizala ting'onoting'ono. Tizala timeneto ankatidziwa.

"Kamphepo, bwera kuno," anatero bambo.

Kamphepo anabwera. Ulendo uno sanathamange.

"Sindikufuna mupite kumene kunapita agogo," anatero, misozi ili m'maso. "Mayina a pamwala ndi a anthu akufa."

Bambo anagwada pansi. Mamendulo analira ngati masupuni m'mbale. Anamuuza kuti mwala uwu si chiliza. Ndi mwala wothokoza asilikali. Pali mayina a amene anabwerako ku nkhondo. Palinso mayina a amene sanabwereko.

"Nanga chifuwacho?" anafunsa Kamphepo.

"Ndi chimfine ichi," anayankha amayi. "Bambo akowa amakana kuvala juzi."

Mmisiri anaseka. Bambo anayang'ana kumbali.

Kenako bambo anagwira dzina lina. Linali pafupi ndi matope aja.

"Uyu anali mnzanga," anatero. "Tinkagona tenti imodzi. Iye sanabwereko. Ndinapempha mmisiri kuti atiike pamodzi."

Kamphepo anayang'ana dzinalo. Anayang'ananso matope. Anaona kuti mnzawo wa bambo watsala yekha.

Anapempha mpango wa amayi. Mmisiri anabweretsa madzi m'chitini. Kamphepo anapukuta, anapukuta. Matope anachoka. Dzina la bambo linaoneka lonse.

Anapukutanso dzina la mnzawo uja, ngakhale linalibe matope.

Pobwerera, mphepo inali kuwomba. Amayi anatulutsa juzi m'chikwama. Bambo anayamba kukana. Kamphepo anaima kutsogolo kwawo, manja ali m'chiuno.

Bambo anavala juzi, pamwamba pa mamendulo onse.