Wouzira Makina a Ermek

Madzulo amenewo mumzinda wa Bishkek munali chisanu cholasa m'mafupa. Ermek anamwa tiyi n'kulowa m'kachipinda ka makina ake, pansanjika yapamwamba penipeni. Makinawo amasungunula pulasitiki n'kuumba chilichonse. M'mawa mwake ankayenera kukaonetsa dzanja lochita kupanga kuchipatala china cha ana. Akakalikonda, ntchito yonse yopanga manja otere ndi yake.

Koma kamlomo ka makinawo kosungunulira pulasitiki kankatentha mosinthasintha, zala n'kumatuluka zopindika. Mankhwala ake ndi odziwika: umawasiya makinawo adziyese okha. Amatenthetsa, kuziziritsa, kutenthetsanso, mpaka atauzolowera mpweya wa m'chipindamo. Nthawi imeneyo sutsegula chitseko, supumira pafupi. Kamphepo pang'ono chabe, makina aphunzira bodza.

Anaimbira Talant, mnzake wodya naye mbale imodzi, amene Ermek anamuphunzitsa ntchitoyi osamubisira kanthu.

"Tabwera undithandize, mphwanga."

"Achimwene, mutu ukundiwawa, ndagona kale. Katswiri ngati inu mungafunenso ine?"

Ermek anakhoma zitseko zonse, ndi cha kukhonde chomwe, natseka mipata ndi nsanza. Anayatsa. Kutentha kunakwera bwinobwino, kenaka kunagwa ngati wina wathirapo madzi. Makina analira n'kuzima.

Anayambiranso. Chimodzimodzi. Usiku ukupita.

Kenaka anakhala pakona, atagwira mpweya. Ndipo anamva. Fuuu. Munthu akuuzira, monga timachitira ndi phala la mwana. M'chipindamo munalibe wina. Kaulusi ka pulasitiki kolendewera pakamlomo kanagwedezeka.

Ermek anaimirira mwamantha.

"Ndani?"

Zii. Kenaka fuuu.

Pajatu mantha akafika pamapeto amasanduka ukali. Ermek anakweza moto wonse, nadikira kuuzirako, ndipo anakankhira kamlomo kotenthako kutsogolo ndi mphamvu. Panamveka kubuula. Fungo la khungu lopsa linadzaza chipinda.

Zitatero makina anadziyesa bwinobwino mpaka kumaliza. Koma kunja kunali kutayera, pomwe kuumba dzanja kumafuna usiku wathunthu. Mwayi unali utapita.

Atatsegula chitseko cha kukhonde, khonde lam'mwamba lopanda makwerero, anapeza munthu atadzipinda pachipale chofewa, ali ndi zovala zogonera, wopanda nsapato. Anali Talant. Milomo ili matuza okhaokha, pulasitiki itamatirira pachibwano.

"Achimwene, ndafika bwanji kuno?"

Ermek anayang'ana milomo yopsayo. Mtima unamuwawa kwambiri, mantha onse anaiwalika.

Anthu a m'nyumbamo anadzadza pakhomo. Ena ankati ndi mowa, koma mowa wanji wokweza munthu m'mwamba chonchi? Amayi a Burul, a khomo loyandikana, anakokera Ermek pambali.

"Mwana wanga, ameneyutu anagula makina ake mwakachetechete. Dzulo ndinamuona akulowa kuchipatala chomwecho, atanyamula kabokosi."

Ermek anavula jekete, namufunditsa mnzakeyo, chifukwa ankanjenjemera ngati mwana.

"Dzanja lako analilandira?"

Talant anayang'ana pansi.

"Anati aone kaye lanu, achimwene."