Bulangeti la Manja Awiri

Galimoto inafika pakati pa chitunda n'kuyamba kungolira pamalo amodzi. Briony anaponda mafuta, injini inakuwa, koma mtengo umene unali kumanzere kwake sunasunthe. Kenako galimotoyo inatsetsereka chammbuyo mpaka inaima chopingasa.

"Tafika?" anafunsa bambo ake, a Vidak, ali chigonere pampando wakumbuyo.

"Pang'ono, adadi. Tatsala pang'ono."

Masana omwewo a Vidak anali atadzicheka pantchafu ndi macheka a injini podula nkhuni. Mayi a Briony anali atatenga pikapu m'mawa kukagula chakudya cha nkhosa ku Cooma. Briony ataimba foni, a ambulansi sanamubisire: chipale chofewa chogwa ndi kuzizira chinali chitatseka msewu wa kufamu kwawo, ndiye iwo akadikira pamphambano ya msewu waukulu, iye afike ndi wodwalayo msanga. Choncho mtsikana wa zaka 17, laisensi yake isanathe ndi miyezi iwiri yomwe, anamanga balalo ndi thaulo ndi lamba, n'kuwakweza bambo ake m'kagalimoto ka mayi ake. Mphambanoyo inali kuseri kwa chitunda chomwechi.

Kwathu kuno kumapiri a ku Adaminaby, June akamayandikira, bambo aliyense amasanduka mphunzitsi. A Vidak ndiye ankanyanya. Loweruka lililonse ankaima pabwalo ndi wotchi m'manja, Briony akumanga matcheni kumatayala a pikapu, oteteza kuti isamaterereke pachipale. M'galimoto iliyonse ankaikamo bokosi la fosholo, bulangeti, magolovesi, tochi ndi kandulo wa m'chitini.

"Adadi, ine ndimapita kusukulu, osati kunkhondo," ankatero Briony.

Ndipo Lachitatu sabata imeneyo anali atatsitsa bokosilo mwakachetechete kuti ng'oma za bandi ya kusukulu zikwane m'buti ya kagalimoto ka mayi ake. Apa bokosi linali m'shedi kunyumba, ng'oma zili naye pachitunda.

Mwayi wake, matcheni ankakhala pansi m'butimo, pambali pa tayala lapadera. Anawasolola, n'kugwada m'chipale ndi manja opanda magolovesi. Anayala tcheni kuseri kwa tayala lakumbuyo, kulumikiza pamwamba, kukoka, kukola ngowe, ndendende mmene ankachitira pabwalo. Anathana ndi lachiwiri, n'kuthamangira pachiwongolero.

Injini inakuwa. Galimoto inangogwedezeka, osapita kulikonse.

Apa mutu wa Briony unaima. Anayang'ana buleki ya pamanja, inali yotsitsa. Anasintha giya, n'kuibwezanso. Mafuta analimo. Kodi matcheni anawamanga chadodolido? Anatuluka, anawagwedeza, anali olimba bwinobwino. Zonse anazichita molondola, nanga chavuta n'chiyani? Foni nayo pachitundapo inali chidole chabe, poti netiweki panalibe.

"Adadi, matcheni ndamanga koma sikuyenda! Ndipange bwanji?"

"Nkhosa zija watsekera?" anayankha a Vidak, maso ali chitsinzinire.

"Adadi, si za nkhosa! Galimoto!"

"Kukuzizira, mwanawe. Tandifunditsa bulangeti la m'bokosi lija."

Thaulo linali litafiira lonse, milomo ya bambo ake itayamba kutuwa. Briony anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, ndipo manyazi anabwera pamwamba pake. Anavula jekete lake n'kuwafunditsa.

Anatulukanso ndi juzi yokha, akulira, n'kuyamba kuzungulira galimoto ngati nkhuku yosowa poikira. Pozungulira kachiwiri m'pamene anaona matope. Zitseko zakutsogolo zinali zitathimbirira ndi matope akuda, ndipo matayala akutsogolo anali atakumba maenje mpaka pa dothi. Akumbuyo aja, ndi matcheni awo okongola, anangokhala phee pachipale choyera.

Anakumbukira Loweruka lina. Atamaliza za pikapu, bambo ake anapita pa kagalimoto ka mayi ake n'kumenya pa boneti. "Akatu n'kosiyana, tabwera uone," anatero. Iye maso ali pafoni anayankha kuti, "Ndaona kale, adadi." Sanaone kanthu. Pikapu imakankha ndi matayala akumbuyo, koma kagalimoto aka kamakoka ndi akutsogolo. Iye anali atavaleka nsapato miyendo yosayenda.

Kumasula kunavuta kuposa kumanga, chifukwa zala zinali zitasiya kumva. Ngowe imodzi anachita kuikankha ndi chigongono. Kutsogolo nako chipale chinali chitaunjikana mozungulira matayala, ndipo fosholo inali kunyumba. Anatsegula buti, anayang'ana ng'oma zake, n'kutenga chimbale chachitsulo chija amamenya pomaliza nyimbo. Anakumba nacho mpaka chinapindika.

"Adadi, musagone! Tandiuzeni mayina a agalu athu onse, kuyambira woyamba!" ankakuwa uku akumanga.

Mkatimo mawu ofooka ankatchula mayina, ena n'kuwabwereza kawiri.

Atakhalanso pachiwongolero, anaponda mafuta pang'ono pokha, monga bambo ake ankamuuzira nthawi zonse. Kunamveka kukukuta pansi. Mtengo uja unayamba kubwerera m'mbuyo. Briony sanapume bwino mpaka ataona magetsi a ambulansi akuphethira kumunsi.

Mayi wina wa ambulansi atamaliza kuwakweza a Vidak anatembenuka, n'kumugwira Briony manja.

"Iwe, zala izi wazitani? Jekete lako lili kuti? Lowa muno msanga, wodwala tili naye kale mmodzi, usatiwonjezere ntchito."

Patapita masiku awiri, Briony anakhala pambali pa bedi la bambo ake kuchipatala, zala zake zili m'mabandeji. Tsiku loimba bandi linali mawa lake, ndipo ndodo za ng'oma sakanatha n'kuzigwira komwe. Zimenezo sizinkamupweteka kwenikweni. Chinkamulemera ndi nkhani ya bokosi, imene ankaganiza kuti bambo ake sakuidziwa, poti tsiku lija nzeru zawo zinali kunkhosa.

A Vidak anamuyang'ana.

"Za tsiku lija ndikukumbuka zochepa," anatero. "Koma chimodzi chikundizunguza mutu. Bulangeti lathu lija linamera liti manja ndi zipi?"

Briony anafuna kuseka, koma kunatuluka misozi.

"Ndinatsitsa bokosi, adadi. Ndinkafuna malo a ng'oma. Mukanafa chifukwa cha ine."

"Ndikanafa chifukwa cha macheka anga," anatero bambo ake, n'kuika dzanja pamutu pake. "Koma unazizidwa, eti?"

"Kwambiri."

"Ndiye sindiwonjezerapo mawu."

Loweruka lotsatira a Vidak, ali pabedi kunyumba, anamva kulira kwa zitsulo pabwalo. Anadzikoka ndi ndodo mpaka pawindo. Bokosi linali m'buti, ng'oma zili pakhonde. Briony anali ataima ndi wotchi pakati pa mabandeji ake, ndipo amene anagwada pa tayala lakutsogolo anali mayi ake.

"Amayi, masulani muyambirenso," ankatero. "Musandiuze kuti mwaona kale."