Mafuta Amene Anawotcha Polonia

Gaspar anafa Lachiwiri masana, atamangidwa pamzati m'nyumba yosungiramo mafuta ya bwana wake, Baltasar Utrera, mumzinda wa Sevilla. Mlandu wake unali woswa mtsuko umodzi. Baltasar anamukwapula mpaka mkono kutopa, kenako anaponya mtembo m'chitsime chakale cha kuseri n'kumauza anthu kuti kapolo wathawa.

Polonia, mkazi wa Gaspar, anaona zonse ali pakhomo la khitchini. Akanadandaula kwa yani? Woweruza sankataya nthawi ndi mawu a kapolo wakuda. Bwalo lokhalo lomvera kapolo linali la ansembe, losaka anthu opatuka pa chikhulupiriro, ndipo njira yolowera kumeneko akapolo onse ankaidziwa.

Lachisanu m'mawa Polonia anaswa mbale dala. Baltasar anamumanga, kumukwapula, n'kuyamba kumudonthezera mafuta otentha m'mabala, chilango cha masiku onse mumzindamo. Polonia analimba mtima mpaka anthu atadzaza pachipata, ndipo anakuwa:

"Ndamukana Mulungu! Ubatizo wanga ndaukana!"

Chikoti chinaima pomwepo. Wonyoza Mulungu sanalinso m'manja mwa bwana wake. Pamene belu la masana linkalira, msilikali wa bwalo la ansembe lija, Cebrián, anali atamutenga kale.

Pamaso pa wansembe wofufuza milandu, Polonia anafotokoza za mwamuna wake, za chingwe, za chitsime. Mlembi ankangoyasamula, cholembera chili gone patebulo. Wansembe anati imfa ya kapolo si nkhani ya bwalo limenelo. Atasowa pogwira, mayiyo anavula malaya n'kuonetsa msana.

"Mafuta a nkhumba amenewo?" anafunsa wansembe mosalabadira.

"Ayi, Abambo. A maolivi."

Mlembi tulo tinamuthera. Mabwana onse ankawotcha akapolo ndi mafuta a nkhumba, nanga uyu nkhumba ankaipeweranji? Anafufuza mtundu wa Baltasar n'kupeza kuti agogo ake anabadwa Ayuda, anthu osadya nkhumba. Zoti munthuyo ankagulitsa mafuta a maolivi, ndipo mitsuko inali mbwee m'nyumbamo, palibe anaziganizira.

Lolemba m'mawa Cebrián anafika ndi amuna asanu. Anamupeza Baltasar akudya, nyama ya nkhumba ili m'kamwa. Anagwiranso mkazi wake ndi mayi ake okalamba, amene sanamenyepo munthu chibadwire.

"Ndi za chitsime?" anafunsa Baltasar.

"Chitsime chanji, bwana? Tsogolani."

Polonia anakwapulidwa zikoti zana chifukwa chonyoza Mulungu. Kenako anamubweza kunyumba yomwe ija, popeza katundu yense wa Baltasar anali atalandidwa, ndipo iye anali mbali ya katunduyo. Tsiku la malonda lisanafike, Cebrián anamupatsa matabwa ndi misomali kuti akatseke chitsime chakale chija, fungo lingathawitse ogula.